Ndinakwera Phiri la Zomba Kukaona Mwana Wanga M'bokosi

Ndinanyamuka pakhomo panga dzuwa lisanatenthe, tiyi ndisanamwe, kumbuyo kwanga azimayi atayamba kale kulira maliro a mwana wanga Enelesi. Ine ndinali ndisanavomere kuti wamwalira.

Zinayamba chonchi. M'mawa umenewo kunabwera mtsogoleri wa amayi a kumpingo kwathu atanyamula foni yaikulu ija yoonetsa zithunzi. Odi sanamuchite. Anangofika n'kukhala pansi pafupi ndi mkazi wanga, n'kumuonetsa foniyo. Mkazi wanga anakuwa kamodzi kokha, kenako anagwera chammbali pamkeka ngati amudula miyendo. Nditalanda foniyo ndinaona mwana wanga ali m'bokosi la maliro. Maso otseka, thonje m'mphuno, nkhope yotuwa, nsalu yoyera mpaka m'khosi. Anali iyeyo ndithu, ine ndingamusokoneze mwana wanga ndi wina?

Pansi pa chithunzicho panali mawu. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma dzina la mwana wanga likalembedwa ndimalidziwa, ndipo limene linali pamenepo silinali lake. Mayi aja anandiwerengera kuti palembedwa zoti Sharoni ause mumtendere. Ndinati mwana wanga si Sharoni. Iwo anati atsikana akapita m'tauni amasintha maina, ndipo chithunzicho anachilandira kwa mng'ono wawo, mng'ono wawoyo kwa mnzake, mnzakeyo kaya kwa ndani.

Enelesi amakhala ku Sadzi, m'tauni ya Zomba, ndipo amaluka tsitsi pasaluni. Ndinkadziwanso, ngakhale iye ankayesa kuti sindidziwa, kuti masiku ena amayenda ndi kagulu ka achinyamata opanga mafilimu. Ndiye mumtima mwanga munali anthu awiri okangana. Wina ankati izi n'zamafilimu basi. Wina ankati thonje lija si la masewera. Ndinamuimbira ndi kafoni kanga ka mabatani, foni yake yosapezeka. Kuimbanso, chimodzimodzi.

Azibambo a m'mudzi anali atayamba kunong'onezana zotulutsa katundu m'nyumba kuti azimayi apeze pokhala. Ndinaimirira pakati pa bwalo. Mawu anga anthu a kuno kwa Songani amawadziwa, ndikamayambitsa nyimbo m'tchalitchi chimkuzamawu amachizimitsa. Ndinawauza kuti amene akhudze mpando wanga ndisanabwere aonana nane. Kenako ndinavala jekete yanga ya Lamulungu, chipewa ndi nsapato, n'kuuyatsa wa ku Zomba.

Pa Songani ndinapeza minibasi itatsala pang'ono kudzaza. Kondakitala anati, "Zomba, madala, thu sauzande." Ine amene ndimanenerera ngakhale mtengo wa singano, tsiku limenelo ndinangopereka. Koma minibasi ya kwathu kuno kudzaza kwake n'kwina. Ukaona ngati yadzaza, kondakitala amaona malo a anthu ena pakati pa mawondo anu. Tinakhala pamenepo injini ikulira, galimoto osasuntha, akukankhira matumba a kabichi pansi pa mipando. Ndinauza dalaivala kuti ngati sakufuna kuyenda anene, nditsike ndiyende wapansi, ndikamudikire ku Zomba. Anthu anaseka. Ine sindinkaseka.

Titanyamuka, mayi wina amene ndinakhala naye pafupi, wogulitsa kaunjika malinga ndi chimtolo chimene anachifungatira, anayatsa filimu pafoni yake. Inali ya ku Nigeria, ija imene anyamata a kuno amaiika mawu a Chichewa pamwamba, munthu mmodzi n'kumalankhulira onse, mfumu ndi mkazi wake ndi galu yemwe. Mwatsoka langa mufilimumo munalinso maliro. Kulira kunadzaza minibasi yonse. Ndinawapempha kuti achepetseko. Iwo anati ndipirire pang'ono, mneneri ali pafupi kufika, womwalirayo auka posachedwa.

Mafilimu amenewa ndimawadziwa, musaone ngati ndikunena zinthu zimene sindinaone. Oyandikana nafe ali ndi sikirini ya sola, ndipo ndakhalapo pakhonde lawo kangapo. Chimene ndinachiona n'chakuti Satana amamupatsa filimu yonse. Amavala bwino, amayenda pagalimoto, amadya nkhuku, amapha anthu m'mene akufunira. Mulungu amamusungira kumapeto, anthu atayamba kuyasamula, ndipo amafika ngati wapolisi wochedwa. Komanso safika yekha, amafika kudzera mwa munthu wa suti yowala amene amakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Ndinanenapo zimenezi pamsonkhano wa akulu a mpingo, achinyamata n'kumati madala sadziwa zamasiku ano. Koma mumtima ndinkaziona ngati zoseweretsa chabe, zosapweteka munthu.

Ndinawafunsa mayi aja mwakachetechete, ngati ine ndingathe kachetechete, kuti kodi anthu ochita ngati afa mufilimu amawaika thonje m'mphuno. Anandiyang'ana kaye. Anati, "Akunjawa amaika. A kuno kwathu sindinaonepo, amaopa." Ndinangoti chabwino.

Cha ku Chinamwali tinaima kutsitsa kabichi uja, ndipo minibasi inaima maso ndi maso ndi shedi ya okhoma mabokosi. Anali atawandandalika panja ngati mipando yogulitsa, lina loyera la zogwirira zonyezimira. Mmisiri ankapala thabwa akuimba mluzu. Ndinatembenuzira maso mbali ina, kuphiri. Phirilo linali litafunda mtambo kuyambira m'chiuno kupita kumwamba, chifukwa inali nyengo yozizira.

Ndinatsikira padepoti dzuwa litakwera ndithu. Pamenepo ndinaima nthawi yaitali anyamata oitanira akundikoka jekete, wina wa Blantyre, wina wa Jali. Njira zinali ziwiri. Ina yopita kuchipatala chachikulu, kumene kuli nyumba yachisoni. Ina yopita ku Sadzi. Munthu wanzeru akanayambira kuchipatala, chifukwa kumeneko akanamuuza zoona mwamsanga. Ine miyendo inakana. Ndinakwera kabaza wa njinga yakapalasa n'kumuuza Sadzi.

Pachitseko cha Enelesi panali loko. Eni nyumba, mayi onenepa amene amandilandira bwino nthawi zonse, ankachapa kuseri. Atandiona anasiya zovala m'beseni n'kupukuta manja nthawi yaitali kuposa m'mene manja amafunira. Ndinadziwa kuti chithunzi chija achiona. Anandiuza kuti Enelesi anachoka dzulo lake m'mamawa ndi anzake a mafilimu aja, pa kalole kakang'ono, akuti akupita kuphiri cha kudamu. Ananena kuti abwera madzulo omwewo. Sanabwere. Anawonjeza kuti iwonso amuimbira usiku wonse. Kenako anati, maso ali pansi, "Msewu wa kuphiri uja mumaudziwa nokha m'mene ulili."

Anandipatsa madzi ndi chinangwa chophika. Ndinaluma kamodzi, chinangwacho n'kukhala m'kamwa ngati utuchi. Ndinathokoza n'kubwerera m'tauni.

Wokwera phiri la Zomba ngati alibe galimoto yake amafuna njinga yamoto. Ndinapeza bambo wina wachikulire pang'ono, a Jafali, wa kapu yoluka pamutu, ndipo ndinasankha iwowo chifukwa anyamata ang'onoang'ono amayendetsa ngati ali ndi moyo wina kunyumba. Anati faifi sauzande kukafika kudamu. Nditawafotokozera chimene ndikupitira, anati m'mawa amva anzawo akunena za galimoto imene inavuta mabuleki kuphiriko dzulo, koma iwo sanaione ndipo sakudziwa ngati n'zoona, pasiteji pamamveka zambiri. Anandipatsa chipewa chachitsulo. Ndinachikana, ndinati ndili ndi changa.

"Gwirani chitsulo cha kumbuyoko, madala," anatero. "Mulungu ndi mmodzi, tikaona komweko."

Amene simunakwerepo phiri limeneli, mverani. Msewu umayamba bwinobwino, kudutsa nyumba zakale za boma ndi mitengo ikuluikulu. Kenako umayamba kupindika ngati njoka yomenyedwa. Mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, ndipo ukasuzumira umaona tauni yonse ya Zomba ili pansi, malata akunyezimira ngati mpunga wotayika pabwalo. Tinakumana ndi azibambo akutsika ndi njinga zosenza nkhuni zotalika kuposa iwo eni, akugwira mabuleki ndi manja komanso ndi mapazi. Azimayi nawo ndi mitolo pamutu, akutsetsereka mothamanga pang'onopang'ono, khosi lili nji. Anyani anakhala m'mbali mwa msewu kutiyang'ana ngati ndi iwo otolera msonkho. Pa ngodya iliyonse ine maso anali kuphompho, kufunafuna udzu wogona kapena mtengo wothyoka pamene galimoto ingakhale itadutsa. Sindinaone kanthu, koma ngodya zinali zambiri.

Titalowa mumtambo kunazizira mpaka mano kugundana. Kutsogolo sikunkaoneka, a Jafali anayatsa nyali masanasana. Pamenepo ndinayesa kupemphera. Ine ndimapemphera, abale, funsani aliyense kumpingo kwathu. Ndikaimirira kupempherera chopereka azimayi amayamba akhazika bwino ana pamiyendo, chifukwa amadziwa kuti tichedwa. Koma pa njinga ija mawu onse anathawa. Moyo wanga wonse ndapempha Mulungu kuti ana anga akhale onena zoona. Tsiku limenelo pemphero limene linatuluka linali limodzi, lalifupi: Ambuye, mwanayu akhale wabodza. Ndinalibwereza mpaka kumtunda.

Kumtunda kuli anyamata ogulitsa mabulosi ndi masitiroberi m'timbale, ena miyala yonyezimira. Anatithamangira kuyesa ndife alendo odzaona malo. A Jafali anawafunsa za anthu amene anabwera dzulo pa kalole. Mmodzi analoza kamsewu kafumbi kolowera m'mapaini kupitirira damu, nati kumeneko kukumveka nyimbo kuyambira m'mawa, zikuoneka kuti kwagwa zovuta. Ndinamufunsa ngati si za mafilimu. Anati kaya, iye sanapiteko, koma nyimbo zake n'zamaliro.

Tinalowa kamsewu kaja. Damu tinalidutsa lili zii, madzi akuda bii, nkhungu ikuyenda pamwamba pake. Ndiye patsogolo pang'ono a Jafali anachepetsa liwiro, kenako anazimitsa injini. Pamsewu panali masamba. Nthambi zaziwisi zitayalidwa kudula msewu, monga timachitira kwathu konse kuno pakagwa maliro, kuti wodutsa adziwe. Bambo wina wa nkhuni amene ankachokera kutsogolo anali atatsika panjinga yake, akuikankha, chipewa chili m'manja.

Ndakula mpaka imvi izi, ndaona anthu akunama ndi pakamwa, akunama ndi misozi, ena akunama atagwira buku lopatulika m'manja. Koma wonama ndi masamba a pamsewu ndinali ndisanamuone. Ndinatsika, ndinavula chipewa. A Jafali anakankha njinga yawo pambali panga. Ndipo nyimbo inayamba kumveka, nyimbo ya kumpingo kwathu yeniyeni imene timaimba potuluka ndi bokosi m'nyumba, imene ine ndaiyambitsa pa maliro osawerengeka.

Tinafika pa kanyumba ka njerwa pakati pa mitengo. Panja panali azimayi pamikeka, mipango kumutu, akulira. Azibambo apatali pang'ono pabenchi, mitu ili pansi. Pakati, pa mipando iwiri, panali bokosi lotsegula. Ndinaonanso munthu ali ndi kamera ya miyendo itatu, ndi wina atanyamula ndodo yaitali ya chinthu chaubweya kunsonga. Mtima unadumpha, ndinati ndi filimu. Koma unabwereranso pansi, chifukwa masiku ano ngakhale maliro enieni amawajambula, ndinaziona pa maliro a munthu wina wolemera kwa Songani, kamera ikulowa mpaka kumanda.

Mtsikana wina anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti ndidikire kaye. Pamenepo munthu wa suti yoyera ndi nsapato zosongoka anatulukira kuseri kwa nyumba. Anazungulira bokosi akugwedeza mpango m'mwamba. Anakuwa kuti Sharoni adzuke. Kuchokera pamene ndinaima ndinkaona mphuno ndi chipumi cha mwana wanga. Sanasunthe. Munthu uja anakuwanso, kudumpha, kuponda pansi. Azimayi anakweza kulira. Mwana wanga osagwedeza ngakhale chikope.

Mtsikana uja sindikudziwa kuti ndinamuchotsa bwanji pamkono panga. Ndinangozindikira ndili pabokosi. Ndinaika dzanja pachipumi cha Enelesi. Chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinatsegula pakamwa, ine wa mawu ogwedeza malata, ndipo chimene chinatuluka chinali kamawu kakang'ono ngati ka mwana wodwala.

"Ene."

Diso limodzi linatseguka. Kenako linzake.

"Ababa?"

Wina anakuwa kuti kamera iime. Kulira kunaduka pakati ngati wazimitsa wailesi. Mayi wina amene ankagubuduka pansi anadzuka n'kuyamba kusasa chitenje. Ine ndinakhala pansi pomwepo, padothi lonyowa, ndi jekete yanga ya Lamulungu. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinkangoona mwana wanga akudzuka m'bokosi, akuchotsa thonje m'mphuno, akuyetsemula. Kuzizira kwa chipumi kuja kunali kuzizira kwa phiri, atagona m'menemo kuyambira m'mawa.

Mawu anga atabwerera anabwerera onse. Mkulu wa gululo, mnyamata wa ndevu zometedwa bwino, anabwera akupepesa ndi manja awiri. Anafotokoza kuti dzulo nkhungu inawalepheretsa kumaliza, ndiye anagona konko, ndipo kumeneko foni sizigwira. Chithunzi chija anachitumiza ndi mnzawo amene anatsika madzulo, kuti anthu ayambe kuilakalaka filimuyo isanatuluke. Sharoni ndi dzina la mufilimu. Za galimoto yovuta mabuleki iwo sanazimve n'komwe.

Ndinamufunsa kuti masamba aja anaika pamsewu ndani. Anati ndi iwo, kuti zioneke zenizeni. Ndinamuuza kuti tisanalankhule china chilichonse apite akawachotse, ndi manja ake, osatuma munthu. Ndinamuuza kuti ndakumana ndi bambo wosenza nkhuni zolemera atatsika panjinga, chipewa m'manja, kulemekeza maliro a munthu amene akupuma. Bamboyo akadzamva kuti anapusitsidwa, tsiku lina adzadutsa pa masamba a maliro enieni akupalasa, chipewa chili kumutu, ndipo wolakwa sadzakhala iye. Mnyamatayo anapita. Anzake anamutsatira ndi maso.

Wa suti yoyera uja anali ataima pambali, mpango wake ataubisa m'thumba. Nditamuyang'anitsitsa ndinaona kuti ndi munthu wofatsa, anandiuza kuti amameta anthu ku Mtiya ndipo amaimba kwaya kutchalitchi kwawo. Ndinamufunsa kuti ndi kuti kumene anaona munthu wakufa akudzuka chifukwa wina wadumpha ndi nsapato zosongoka. Anaseka mwamanyazi. Koma mkulu wa gulu uja, atabwerako manja ali ndi utomoni, anandiyankha ndipo sanayankhe zopusa ayi. Anati anthu atopa, zinthu zadula, kuchipatala akubwerako opanda mankhwala, ndiye akakhala pansi madzulo amafuna aone Mulungu akupambana, ngakhale pasikirini pokha. Anati iwo akulalikira, kungoti guwa lawo ndi lina.

Ndinamuuza kuti zoti anthu atopa ndikuvomera, inenso ndine mmodzi wa iwo. Koma Ambuye amene ine ndimamudziwa, tsiku limene anadzutsa kamtsikana kakufa, choyamba anatulutsa panja anthu onse olira mwaphokoso. Anatsala ndi bambo ndi mayi a mwanayo, ndi ophunzira ake ochepa. Sanadumphe. Anakagwira dzanja n'kukalankhula monga umadzutsira mwana m'mawa. Atatha anawauza kuti asalengeze. Ndinati inu mwachita zonse chobwerera. Olira mwawaitana, phokoso mwalikweza, kulengeza mwalengeza munthu asanadzuke n'komwe. Amene mwamusiya panja ndi bambo ndi mayi.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Sindikunena kuti ndinawagonjetsa, mwina ankangodikira kuti madala atope.

Enelesi ndiye anali atakwiya. Anabwera atafunda bulangete, ufa woyera uli kumaso, n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndamuchititsa manyazi pamaso pa anzake, ndawaonongera ntchito ya masiku awiri, ndipo akanandiuza ndikanamuletsa. Mwana ameneyu mtima anatengera ine. Ndinamusiya amalize. Kenako ndinati, "Amako agona pamkeka kuyambira m'mawa. Pakhomo padzaza anthu. Akulira iweyo."

Anandiyang'ana ngati sanamve. Chithunzicho iye sankadziwa kuti chatuluka. Anatembenukira kwa mkulu wa gulu uja, ndipo zimene anamuuza sindizilemba pano chifukwa ndine mkulu wa mpingo. Anavula nsalu yoyera ija, anatenga kachikwama kake, n'kuuza a Jafali kuti tiyeni.

Tinatsika atatu pa njinga imodzi, iye pakati, ine kumbuyo. A Jafali anayendetsa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Titatuluka mumtambo, pa ngodya ina pamene tauni imaonekera, foni ya Enelesi inayamba kulira m'chikwama osalekeza. Tinaima pambali. Anayamba kuwerenga. Anali mauthenga a anthu omulira: anzake a kusukulu, makasitomala a kusaluni, msuweni wake wa ku Joni amene anali atayamba kale kufunsa za basi. Anawerenga ochepa n'kusiya.

Anaimbira mtsogoleri wa amayi uja kuti apereke foni kwa amake. Ndinkamva Enelesi akubwereza kuti ndi ineyo amayi, ndili moyo, ndili ndi ababa. Kenako anandipatsa foniyo. Mkazi wanga analankhula ndi mawu ouma. Anati mafoni a masiku ano amaonetsa wamoyo atafa, ndiye angalephere bwanji kulankhulitsa wakufa ngati wamoyo. Anati ndibwere naye amugwire.

M'tauni a Jafali anatisiya padepoti. Anandigwira chanza ndi manja awiri, anati lero akakafika kunyumba akawayang'ana bwino ana awo. Minibasi yobwerera inachedwa kudzaza ngati ya m'mawa ija, koma ulendo uno sindinakalipire munthu. Ndinagula chimanga chootcha pawindo, tinagawana. Enelesi anatsamiritsa mutu pagalasi njira yonse.

Tinafika pa Songani dzuwa litapendeka, n'kuyenda wapansi kulowa kumudzi. Uthenga unali utafika kale, komabe anthu sanabalalike, aliyense ankafuna aone yekha. Titatulukira pa mtengo wa mango wa pakhomo, azimayi ena anadzuka n'kubwerera m'mbuyo, chifukwa ufa uja unali udakali m'makutu ndi m'khosi mwa mwanayo. Mkazi wanga anatuluka m'nyumba atagwirira khoma. Sanathamange. Anafika pafupi, anamugwira masaya, mapewa, manja, anaika khutu pachifuwa pake n'kumvetsera nthawi yaitali. Kenako ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu n'kuyamba kumupukuta ufa uja, monga ankamupukutira ali wakhanda. Pamenepo m'pamene analira kulira kwenikweni, ndipo Enelesi naye. Ine ndinayambitsa nyimbo yoyamika kuti anthu asandione kumaso.

Anthu atapita tinakhala pakhonde awiriwiri, ine ndi Enelesi. Ndinali nditaganiza njira yonse zoti ndimuuze. Pa ulendo umenewu ndinaphunzira kuti zimene timaonera pakhonde la anzathu tikuseka sizichokera kumwamba. Aliyense wogona m'bokosi pasikirini ali ndi amake kwinakwake, ndipo Mulungu amene amamuika kumapeto kwa filimu ine ndinamufuna pakati pa msewu, pamene panalibe nyimbo kapena suti. Koma izi sindinamuuze, n'zanga.

Anandifunsa, maso ali pansi, ngati ndikumuletsa mafilimu. Anati akuikonda ntchitoyo, ndipo anzake sangamalize popanda iye. Ndinamuuza kuti ndi wamkulu, kumuletsa sindingathe, ndipo ndikamuletsa azingochita mobisa ngati kale. Ndinati akafuna akhale wakuba mufilimu, akhale mfiti, akhale mkazi wolongolola, zimenezo ndidzaonera ndipo ndidzaseka nawo. Koma chinthu chimodzi.

"M'bokosi usadzalowenso ine ndili moyo," ndinatero. "Kumeneko ndiyambe ndine. Iwe ntchito yako ndi kuima pambali n'kuona kuti nyimbo aiyambitsa bwino."

Anati nanga filimuyo aimaliza bwanji, popeza Sharoni sanadzuke.

Ndinati wadzuka, ndinalipo.